Mudzi Wosankha Nyengo ndi M'manja

Kalekale, chaka china kumapeto kwa chilimwe, mvula inasungunula mchere wa mudzi wonse masana amodzi. Unali mudzi wa m'mbali mwa nyanja yamchere, kotentha kuja, kumene munthu amatuluka thukuta atangokhala pansi. Khalani bwino mumve mmene zinayendera.

Anthu a mudziwo sankalima chimanga, sankalima mapira. Nthaka yawo inali mchenga wokhawokha. Iwo ankalima mchere. Banja lililonse linali ndi munda wake pagombe, wosalala ngati bwalo, wozingidwa ndi kakhoma ka matope. Nyanja ikadzaza ankatsegula ngalande, madzi n'kulowa. Akalowa, ankatseka. Ntchito yotsala inali ya dzuwa: limwe madzi, lisiye mchere.

Mchere ukakhalitsa padzuwa unkakhuthala. Tsiku loonjezera linali dengu loonjezera. Koma mvula ikaupeza pansi, wonse unkabwerera kumene unachokera. Choncho nzeru zonse za mudziwo zinali pa funso limodzi: tikokole liti?

Mvula yoyamba ikangogwa, anthu akumtunda ankatsika ndi mapira kudzasinthana ndi mchere. Ankabwera kamodzi pachaka. Wokhala ndi mchere ankadya mpaka masika. Wopanda mchere ankagonera nkhono ndi mizu yakutchire.

Tsono mudziwo unali ndi mwambo wake. Mitengo ikaphuka masamba ofiira, anthu ankasonkhana pabwalo kudzamva za nyengo. Olosera ankaima mmodzimmodzi, aliyense n'kunena zake. Akamaliza, anthu ankaomba m'manja. Woomberedwa kwambiri, nyengo yake ndiyo inkakhala nyengo ya chaka chimenecho, ndipo mudzi unkamudyetsa mwezi wathunthu. Tsiku limene watchula ndilo linali tsiku lokokola, mudzi wonse pamodzi, kuti pasakhale wotsogola mnzake kwa akumtunda aja. Wokokola tsikulo lisanakwane anali ndi mlandu.

Woyesa m'manjamo anali a Bwanali, nkhalamba yosunga ngalande. A Bwanali anali ogontha khutu limodzi. Linalo linkamva zapafupi zokha.

M'mudzimo munali bambo wina dzina lake Dzimbiri, wa zikhatho ngati malichero. Ena pokamba nthano imeneyi amati Dzimbiri akaomba m'manja nsomba zinkadumpha m'nyanja. Limenelo ndi bodza. Ankangodzidzimutsa nkhuku basi. Koma a Bwanali ankamumva, ndipo zimenezo zinali zokwanira. Kumene Dzimbiri waombera, nyengo inkapita komweko.

Mkazi wa Dzimbiri anali Nasimelo. Womata khoma la munda anali iye, woluka madengu anali iye, wodziwa pamene mapira alekezera munkhokwe analinso iye. Anali ndi ana atatu. Chaka chapitacho mudzi unakokola msanga, mchere udakali wopyapyala ndi wamadzi, ndipo mapira anatha dzinja lili pakati. Nasimelo ankakumbukira mmene wamng'ono uja ankalirira, kulira kopanda misozi. Anali atatsimikiza mumtima kuti kulira kumeneko sakumvanso.

Tsiku la bwalo linafika. Olosera anali atatu: Chule, Nyenje ndi Nkhanu.

Woyamba kuima anali Chule. Anatupitsa khosi, anaponya maso uku ndi uku, n'kuyamba nyimbo:

Mawa, mawa, chigumula mawa,
wokhala ndi mwendo athawe.

“Mawa lomweli,” anatero Chule. “Mvula ya mawa sinagwepo chiyambire dziko. Nyanja ikwera, mtsinje utsika, zidzakumana pabwalo pano. Kokolani lero.”

Mayi wina anayankha ali kumbuyo. “A Chule, chaka chatha munatinso mawa.”

“Nanga sinabwere?”

“Inabwera patapita mwezi ndi theka.”

“Ndinaigwira ndine kuti mumalize kukokola. Koma munthu ndi munthu, kuthokoza sadziwa.”

Wachiwiri anali Nyenje. Iye sanatsike n'komwe mumtengo. Anangoyambira pomwepo:

Dzuwa nyee, dzuwa nyee,
mchere m'mawondo, mtambo kulibe.

“Masiku makumi anayi,” anatero Nyenje. “Makumi anayi opanda kamtambo. Mchere wanu ukhuthala mpaka m'mawondo. Akumtunda mapira adzawathera, adzakusiyirani ndi ng'ombe zomwe. Musakhudze munda mpaka tsiku la makumi anayi.”

Pabwalo panamveka kung'ung'udza kokoma. Ng'ombe anthu ankangozimva mbiri.

Wachitatu anali Nkhanu. Anabwera cham'mbali monga mwa mayendedwe ake, n'kuima pakati. Nyimbo analibe.

“Kutentha kupitirira,” anatero Nkhanu, “ndipo kuonjezerako pang'ono. Koma mphepo yayamba kuchokera kumpoto m'mawa, ndipo mchenga wa kuuna kwanga wayamba chinyontho. Mvula yoyamba ikhoza kugwa pakati pa masiku asanu ndi masiku khumi ndi awiri. Sikhala yaikulu, koma mchere sudikira yaikulu. Mwina ichedwerako. Ndikanakhala ndi munda ndikanayamba kukokola mkuja.”

A Bwanali anapendeketsa khutu lakumva lija. “Wati tsiku liti?”

“Tsiku lenilenilo sindikulidziwa.”

“Wati bwanji?”

“Akuti sakudziwa,” anthu anathandiza kufuula.

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Dzimbiri anaimirira kuti amveke bwino. “Kuyenda cham'mbali, kulankhulanso cham'mbali. Iwe Nkhanu, tabwera kudzamva nyengo, osati kudzamva mwina. Mwina ndili naye kunyumba kwanga, sindifuna wogula.”

Anthu anasekanso.

Nthawi yoomba inakwana. Chule anaomberedwa ndi achibale ake awiri okha. Nkhanu anaomberedwa ndi Nasimelo yekha, pha, pha, mwakuti a Bwanali anayesa wina akupha udzudzu. Atatchulidwa Nyenje, Dzimbiri anatambasula malichero aja. Phwaa, phwaa, phwaa. Nkhuku zinabalalika.

“Nyengo ya chaka chino ndi dzuwa,” analengeza a Bwanali. “Tidzakokola tsiku la makumi anayi.”

Atafika kunyumba, Nasimelo anapatsa mwamuna wake madzi akumwa, n'kukhala pansi.

“Amuna anga, ndifunse?”

“Funsa.”

“Nyenje ameneyu anatuluka m'nthaka liti?”

“Mwezi watha. Bwanji?”

“Ndiye mvula anaionapo?”

Dzimbiri anamwa madzi aja mpaka chikho chinayang'ana kumwamba. “Wolosera salosera ndi msinkhu, make mwana. Iwe sufuna mchere wa m'mawondo?”

“Ine ndifuna mchere wa pansanja.”

“Mudzi waomba. Nkhani yatha.”

“Mudzi wake ndi inu nomwe.”

Dzimbiri anamva ngati akumutamanda, ndipo anamwetulira.

M'mawa mwake nyanja itaphwera, Nasimelo anapita kugombe, kuuna kwa Nkhanu. Anagwada pamchenga n'kuodira.

“Odi, a Nkhanu.”

“Lowani ndi mawu, mayi, khomo ndi laling'ono.”

“Zija munanena dzulo, munaziona pati?”

“Pisani dzanja mumchengamu mpaka m'chigongono.”

Nasimelo anapisa. Pamwamba panali potentha, pansi panali pozizira, mchenga ukumata.

“Mwezi watha unali wouma mpaka pansi,” anatero Nkhanu. “Tsopano yang'anani kumpoto.”

Kunali timitambo titatu, tating'ono ngati nthenga.

“Timeneto pofika masana tikhala titasowa. Mawa tidzabwera tisanu. Mukapita kunyumba mukagwire mchere wachaka chatha ngati ulipo. Mukaona ukukakamira m'zala, mpweya wanyowa.”

“Nanga bwanji osangotchula tsiku, akuombereni m'manja? Chule amatchula n'kudya. Nyenje watchula, akudya.”

“Ndikatchula ndanama. Chimene ndaona ndanena. Chimene sindinaone ndanenanso kuti sindinachione. Ine ndimadya za m'matope, mayi, sizifuna m'manja.”

Nasimelo anabwerera. M'kachibade munali kamchere kotsala. Anakatsina. Kanakakamira m'zala.

Tsiku limenelo sanakhudze munda. Anaganiza za mlandu, anaganiza za kuseka kwa anthu, anaganiza za nkhokwe. Pa zitatuzi, chimene chinkalira ndi njala chinali chimodzi.

Tsiku lachitatu anatenga thabwa lake lokokolera n'kulowa m'munda dzuwa likuswa mtengo. Sanabise. Anakokola, anaunjika, anasenza. Anakokola, anaunjika, anasenza. Mcherewo sunali wa m'mawondo. Unali wa chala chimodzi, koma wouma, woyera mbee.

Amayi opita kukatunga madzi anaima m'njira.

“Anzathu, mwayamba kale?”

“Asiyeni, akwatiwa ndi Nkhanu.”

“Muona posachedwa ayamba kuyenda cham'mbali.”

Nasimelo sanadzutse mutu. Tsiku lachinayi anamaliza. Anamanga mcherewo m'zikwatu za masamba a mlaza, zikwatu khumi ndi ziwiri, n'kuziika pansanja m'nyumba. Masiku awiri onsewo Dzimbiri anali patsinde pa mlambe ndi amuna anzake, akumvetsera Nyenje, akukangana za mayina a ng'ombe zimene adzalandire.

Tsiku lachisanu Nasimelo anaitanidwa kubwalo.

“Mwana wanga,” anatero a Bwanali, “wakokola?”

“Ndakokola, agogo.”

“Wati bwanji?”

“Akuti wakokola,” anthu anafuula.

“Mwambo umati mchere wokokoledwa tsiku lisanakwane ubwerere m'munda. Amene akuti ubwerere, m'manja.”

Anthu anaomba. Amuna ena anacheukira Dzimbiri akuseka cham'munsi. Wina anati, “Tione ngati m'nyumba muja muli tambala.” Dzimbiri sanafune kuti azinenedwa wolamulidwa ndi mkazi. Anaombera chigamulo cha mchere wake womwe. Phwaa, phwaa, phwaa.

Nasimelo anamuyang'ana kamodzi kokha. Kenaka anagwada pafupi ndi khutu lakumva lija la a Bwanali.

“Ndamva, agogo, ndibweza. Ndibweze ndi chiyani?”

“Ndi chimene ufuna. Koma ubweze wekha, pasakhale wokuthandiza.”

“Zikomo, agogo.”

M'mawa mwake Nasimelo anatola chigoba cha nkhono. Anamasula chikwatu chimodzi, anatapa mchere wodzaza chigobacho, n'kuuyamba ulendo. Nyumba yake inali kumapeto kwa mudzi, pachitunda. Munda unali kugombe. Kupita, kuthira, kubwerera. Kupita, kuthira, kubwerera.

“Mayi inu, chimenecho n'chiyani?” anafunsa a Bwanali atakumana naye.

“Ndikubweza, agogo.”

“Ndi chigoba?”

“Munati ndi chimene ndifuna.”

A Bwanali anakanda kumutu. Mawuwo analidi awo.

Amayi aja anati, “Fulumirani, anzathu, dzuwa likupita.”

“Mwambo unati ndibweze. Sunati ndithamange.”

Tsiku lachisanu ndi chimodzi linatha. Lachisanu ndi chiwiri linatha. Kunkatentha moti mchenga unkaotcha mapazi. M'mawa timitambo tinkabwera, masana n'kusowa. Nyenje ankaimba kuyambira kutuluka kwa dzuwa, anthu akumupititsira madzi a uchi patsamba. Ana a m'mudzi anayamba kulondola Nasimelo akuyenda cham'mbali. Dzimbiri anasiya kumulankhula. Masiku atatu a chigoba anamaliza chikwatu chimodzi chokha.

Tsiku lachisanu ndi chitatu madzulo a Bwanali anamuimitsa. “Mwana wanga, ndine wogontha, sindine chitsiru. Kuyambira mawa ubweze ndi dengu.”

Nasimelo anawerengera mumtima. Ndi dengu, nsanja ikanayera masiku awiri. Anatsikira kugombe dzuwa lisanalowe.

“A Nkhanu, lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu.”

“Ndikuwerenga nanenso, mayi.”

“Mvula yanu ili kuti?”

“Si yanga. Ndinati pakati pa asanu ndi khumi ndi awiri. Ndinatinso mwina ichedwerako.”

“Mwina wanuyo andiphera ana.”

“Ndikanakhala ndi mawu ena ndikanakupatsani. Chinyontho chakwera, mphepo ya mpoto yalimba. Zimenezo ndikuziona. Tsiku sindikuliona.”

“Ngakhale kungondinamiza kuti mtima ukhale pansi?”

“Ofuna zimenezo ali kumlambe.”

Nasimelo anabwerera wokwiya. Anakwiyira Nkhanu kuposa mmene anakwiyira Nyenje, pakuti wonena zoona sapatsa munthu pogwira.

Tsiku lachisanu ndi chinayi anasankha kadengu kakang'ono kuposa onse. Koma dengu ndi dengu. Kupita, kukhuthula, kubwerera. Kupita, kukhuthula, kubwerera. Pofika masana zikwatu zitatu zinali zitapita. Pansanja panatsala zisanu ndi zitatu.

Akumasula chinanso, anamva kuti kunja kwasintha. Mphepo inali italeka. Masamba anali zii. Nyenje yekha ndiye ankaimba, mokweza kuposa kale:

Dzuwa nyee, dzuwa nyee,
mchere m'mawondo, mtambo kulibe.

Nasimelo anasuzumira pakhomo. Kumpoto kunali bii. Anamanganso chikwatu chija, anachibweza pansanja, n'kukhala pansi pakhonde.

Dontho loyamba linagwa pafumbi. Tho. Lachiwiri, tho. Kenaka waa.

Ena amati chinali chimvula chozula mitengo, chakuti mbuzi zinasambira. Ayi. Inali mvula wamba ya chizimalupsa. Inagwa nthawi yosakwana kupsa kwa nyemba. Denga silinasasuke ndi limodzi lomwe, nkhuku sinafe ndi imodzi yomwe. Koma mchere sudikira yaikulu.

Mudzi wonse unathamangira kugombe ndi madengu, malichero, nsalu, aliyense ndi chimene wagwira. Anapeza minda yasanduka zithaphwi. Wina anatapa ndi dengu, madzi n'kutuluka pansi. Wina anagona chafufumimba pamunda kuti autchinge ndi msana. Dzimbiri anagwada m'matope akutunga madziwo ndi zikhatho zake zazikuluzo, osadziwa kowathira. Mvula itakata, dzuwa linatulukanso bwinobwino, ngati palibe chachitika.

M'mawa mwake bwalo linadzaza lokha popanda woitana.

Chule anafika atatupa ndi chimwemwe. “Ndinati chiyani ine?”

“Munati mawa,” anayankha mayi wakumbuyo uja, “ndipo papita masiku asanu ndi anayi. Munatinso chigumula.”

“Ndinachichepetsa chifukwa cha ana. Koma madzi mwawaona kapena simunawaone?”

Anthu anavomera kuti madzi awaona.

Maso onse anakwera mumtengo. Nyenje anali pomwepo, mapiko atanyowa, koma pakamwa pali pouma.

“Dzuwa langa linali bwinobwino,” anatero. “Makumi anayi onse analipo, ndinawawerenga ndekha. Wawononga ndi mayi uyu. Mchere ukachoka pansi nthawi isanakwane, kumwamba kumaona malo opanda kanthu n'kuthirapo madzi. Zimenezi amadziwa aliyense.”

Palibe amene anali atazimvapo. Koma mawuwo anakoma, chifukwa anali ndi munthu womuloza chala. Mvula sungaiitanire kubwalo. Nasimelo ungamuitanire.

“Zomveka,” anatero wina.

“N'chifukwa chake inayambira cha kumunda kwake.”

“Ndipo sanamalize kubweza. Pansanja pake pali zisanu ndi zitatu, mwana wanga anaziona.”

“Abweze. Mwambo uthe.”

Mayi wakumbuyo uja anati, “Abweze kuti? M'mundamo muli madzi.”

“Momwemo. Mwambo sunanene za madzi.”

Munthu wotaya zake amapepukidwa mnzake akatayanso. Panalibe amene akanapindula ndi mchere wothiridwa m'chithaphwi, komabe pafupifupi onse ankafuna kuuona ukusungunuka.

A Bwanali anakweza ndodo. “Amene akuti zotsalazo zibwerere m'munda, m'manja.”

Anthu anakweza manja, koma maso awo anali pa Dzimbiri. Nasimelo anali atakhala pambali pake. Sanalire, sanachonderere. Anangoweramira kukhutu kwake.

“Ombani, amuna anga,” anatero motsitsa. “Ombani ndithu. Koma muwasunge bwino manjawo, ndi amene muzidzanyambita mpaka masika.”

Dzimbiri anayang'ana zikhatho zake. Anayang'ana amuna anzake a kumlambe. Anayang'ana pamimba pake, ndipo apo ndi pamene anayang'anitsitsa. Kenaka anapinda manja n'kuwabisa m'khwapa.

“A Dzimbiri, tiyeni,” anatero mnzake.

“Manja akundipweteka. Madzi amchere adzulo andidya.”

“Kamodzi kokha.”

“Ndati akupweteka. Ndiombe ndi ako?”

Otsalawo anaomba okha. Anaomba ndithu, koma anali manja wamba, manja a anthu osagona ndi nkhawa. Pha, pha, pha. A Bwanali anapendeketsa khutu, anadikira, anapendeketsanso.

“Mwayamba?”

“Taomba kale, agogo.”

“Ine sindinamve kanthu. Mlandu wopanda m'manja ndi wakufa. Mcherewo ukhale pomwe uli.”

Patapita masiku atatu akumtunda anatsika ndi mapira awo. Anayenda khomo ndi khomo, khomo ndi khomo, mchere osaupeza. Anaupeza pachitunda pokha. Poti unali wosowa, zikwatu zisanu ndi zitatu zinadzaza nkhokwe mpaka pakamwa. Ng'ombe sanasiye.

Dzimbiri ndiye anaima pakhomo kulandira alendo. “Ine nyengo ndimaiona patali,” anawauza. “Ndinangomuuza mkazi wangayu kuti, make mwana, tenga thabwa.”

Nasimelo anali akupeta. Anapitiriza kupeta.

Dzinja limenelo mudzi unagonera nkhono ndi mizu. Ana a Nasimelo anadya mpaka masika. Obwera kudzapempha, Nasimelo ankawatapira mapira m'mbale, kuyambira ndi okhala ndi ana aang'ono. Ankalandira ndi manja awiri, akafika kuseri n'kumati dzanja lake ndi louma.

Nanga Nkhanu, alipo anapita kukamupepesa? Panalibe. Nkhani yake itatuluka pamowa, wina anati, “Nayenso analephera. Anatchula tsiku?” Onse anavomera kuti sanatchule.

Chaka chotsatira mitengo itaphukanso, bwalo linasonkhana. Nkhanu sanabwere. A Bwanali anatuma munthu kukamuitana, iye atamva mapazi n'kulowa kuuna. Panatsala olosera awiri. Poti dzuwa linawapweteka chaka chatha, anthu anaombera Chule, Dzimbiri akutsogolera. Anakokola m'mawa mwake, mchere udakali madzi. Mvula inabwera patapita mwezi.

Nasimelo yekha ndiye ankapitabe kugombe kukaodira pakhomo laling'ono lija. Zaka zambiri anapulumutsa mchere. Chaka china anakokola msanga pachabe, mvula n'kuchedwa, anzake n'kupeza wochuluka kuposa wake. Sanadandaule, pakuti anali atauzidwa kuti mwina. Mlandu wake unkafika pabwalo chaka ndi chaka, ndipo chaka ndi chaka tsiku limenelo manja a Dzimbiri ankapweteka.

Tsono imvani, inu amene mumafunsa za kumwamba. Wokuuzani zimene akudziwa, n'kukuuzaninso pamene kudziwa kwake kwathera, ameneyo mugwireni ndi manja awiri. Wokhala ndi tsiku, nyimbo ndi ng'ombe, muyambe mwafunsa amene akumudyetsa. Mtambo ulibe khutu. Muombe, musaombe, ugwetsa tsiku lake.

Mpaka lero Chule amalirira mvula, Nyenje amalirira dzuwa. Aliyense amalondola kamodzi pachaka, ndipo saiwala kukumbutsa anthu. Nkhanu amadziwabe zimene amadziwa, koma akaona munthu amalowa pansi.

Nthano yanga yathera pamenepa.